Akalulu a Lorna Kachingwe Atasiya Kutentha Thupi

Ku Twapia, komboni ya ku Ndola, aliyense ankadziwa kuti amake Pilira amagwira ntchito ya akalulu, koma panalibe amene ankadziwa kuti ntchitoyo inali yotani. Ena ankati amaweta ndiwo za mabwana, ena ankati amameta ubweya wotumiza kunja. Poyamba Lorna Kachingwe, amake Pilirawo, ankayesa kufotokoza. Koma akangofika ponena kuti amalowetsa choyezera kutentha kumbuyo kwa kalulu, anthu ankafa nacho chiseko, mbali yofunikayo osaimvanso. Ndiye anasiya. Munthu akamufunsa ankangoti, "Ndimayeza madilipi," n'kupitiriza ulendo wake.

Lorna anabadwira ku Kitwe mu 1956. Bambo ake anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kukhala kalaliki pamgodi, komanso anali mkulu wa mpingo. Anali munthu wa malamulo: kunja ana ankatha kulankhula Chibemba mmene angafunire, koma akangoponda pakhomo, Chichewa basi. Lorna ankafuna unamwino, ndipo mutu wake unali wokwanira. Koma ali Fomu 4 bambowo anadwala sabata imodzi n'kumwalira. Nyumba inali ya mgodi, ndiye pasanathe miyezi itatu banja linauzidwa kuti lituluke. Sukulu inathera pomwepo. Lorna anapita ku Ndola kwa azakhali ake, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi Jonah Kachingwe, woyendetsa lole ya simenti, mwana wa banja lina lochokera ku Malawi lomwe ankapemphera nalo. Mu 1978, Pilira ali kumsana, anapeza ntchito yotsuka mabotolo pafakitale ya boma yopanga madzi a dilipi.

Kuseri kwa fakitaleyo kunali kanyumba ka njerwa kopanda mazenera aakulu, komwe kunkakhala akalulu oyera a maso ofiira. Mwini wake wa kanyumbako anali a Cyril Mutale, katswiri woyeza mankhwala, Mbemba wa ku Kasama wosaseka pafupipafupi. Tsiku lina kalulu anathawa m'khola, amuna atatu n'kumamuthamangitsa ndi matsache, fakitale yonse phokoso. A Mutale atatuluka atakwiya anapeza kaluluyo ali phee m'manja mwa mayi wotsuka mabotolo, ngati mwana wakhuta bere.

"Mwamugwira bwanji?" anafunsa.

"Sindinamugwire, bwana. Ndinangokhala pansi, anabwera yekha."

Lolemba lotsatira Lorna anasamutsidwira kukanyumbako.

A Mutale sankaphunzitsa ndi bolodi. Sabata yoyamba anatunga madzi mu diramu lomwe linakhalitsa panja, anawasefa mpaka kuyera mbee, anathiramo mchere pang'ono monga zimakhalira m'dilipi, n'kuwawiritsa Lorna akuona. Kenaka anamufunsa ndi Chinyanja chawo chothyokathyoka.

"Ba Lorna, madzi aya ni abwino kapena ayi?"

"Ndi abwino, bwana. Awira. Tizilombo tafa."

"Tafa, ee. Nanga mitembo yake yapita kuti?"

Lorna anasuzumira m'madzi aja.

A Mutale anaika akalulu atatu m'timabokosi tamatabwa, mutu wokha uli kunja. Anamusonyeza kapakidwe ka mafuta pachoyezera ndi kalowetsedwe kake kuti nyama isavulale. Onse atatu anali pa 39, kutentha kwa kalulu wabwinobwino. Pa naini awazi, ndiye kuti naini koloko mmawa, anawabaya madzi aja pamtsempha wa m'mphepete mwa khutu, pang'onopang'ono.

"Manje dikirani. Osalankhula mokweza."

Patapita kanthawi anamuuza kuti agwire khutu la mmodzi. Lorna anadzidzimuka.

"Lazizira! Ngati mwala wa kumtsinje!"

"Yezani."

Anayeza. Khutu linali lozizira koma mkati nyamayo inali itayamba kutentha. Pofika ileveni awazi onse atatu anali atadutsa 40, atafufumitsa ubweya, akupuma mofulumira.

Apo m'pamene a Mutale anafotokoza. Tizilombo ta m'madzi tikafa timasiya makoko ake, ndipo makokowo kuwiritsa sikuwapha chifukwa si amoyo. Akalowa m'magazi, asilikali a m'thupi amayesa kuti mdani wafika wamoyo, ndiye amatumiza uthenga ku ubongo. Mu ubongo muli kamalo kamene kamalamula kuti thupi litenthe mpaka pati. Uthengawo ukafika, kamaloko kamakweza muyezo. Thupi limadziona ngati lazizidwa, limatseka mitsempha ya kukhungu kuti kutentha kusathawe, n'chifukwa chake makutu amazizira. Kenaka limanjenjemera, n'kuyamba kudziwotcha lokha.

"Kalulu uyu madzulo adzakhala bwino," anatero a Mutale. "Koma taganizani mwana amene watha madzi ndi kutsekula m'mimba, kapena mayi wotaya magazi pobereka. Mumupatse botolo lathunthu la madzi aya. Muona?"

Lorna anaona. Kuyambira tsiku limenelo sanadzionenso ngati munthu amene unamwino unamuphonya.

Lamulo linali losavuta. Mabotolo onse ophikidwa tsiku limodzi ankatchedwa bachi. Pa bachi iliyonse ankatengapo mabotolo angapo n'kuyeza pa akalulu atatu, kulemba kutentha kwawo theka la ola lililonse kwa maola atatu. Mmodzi akakwera ndi theka la digiri, ankabwereza ndi akalulu ena asanu. Nawonso akatentha, bachi yonse inkatayidwa. Chovuta chinali akaluluwo. Kalulu amatentha thupi ndi mantha okha, ndiye chitseko chikamenyetsedwa ntchito ya tsiku lonse inkawonongeka. Lorna analetsa wailesi, analetsa nsapato zogogoda, anafika poletsa mkulu wa fakitale yonse kulowa atapaka mafuta onunkhira. Akalulu analipo makumi asanu ndi limodzi, aliyense ndi nambala yake m'khutu ndi masiku ake opuma. Woyezedwa lero ankapuma masiku awiri. Amene watentha thupi ankapuma masabata awiri athunthu.

Mu 1986 akalulu ake anakana bachi yaikulu pamene lole inali itaima kale pageti kudikira katundu. Anthu a ku chigawo chopanga madziwo anabwera kudzalalata kuti mwina mayiyu wawaopseza akalulu dala. A Mutale anaima pachitseko.

"Ba Lorna akati yakana, yakana."

Mabotolo zikwi zinayi anatsegulidwa limodzilimodzi n'kuthiridwa m'ngalande. Atafufuza anapeza paipi yothyoka pamakina otcheza madzi. Pa Khirisimasi chaka chimenecho Lorna anapatsidwa wotchi ya pakhoma pamaso pa antchito onse.

Zinthu sizinagwe tsiku limodzi. Poyamba chakudya cha akalulu chochokera ku Lusaka chinayamba kubwera mochedwa, kenaka chinasiyiratu. Lorna anayamba kudutsa pamsika mmawa uliwonse kutola masamba a kabichi otayidwa, azimayi a pamsikapo akumuseka kuti wantchito wa boma wasanduka mbuzi. Makina oziziritsa chipinda anafa mu 1993, ndipo kalata zitatu zomwe a Mutale analemba sizinayankhidwe. Mwezi wa Okutobala akalulu ankakhala atatentha kale asanabayidwe, ndiye Lorna ankanyowetsa masaka n'kuwapachika pakhoma. Magetsi atayamba kuthimathima, jenereta inaikidwa mogundana ndi khoma la kanyumbako. Atadandaula anauzidwa kuti waya sungafike patali.

Mu 1997 fakitale inagulitsidwa. Eni ake atsopano palibe wantchito amene anawaona nkhope. Chomwe chinaoneka ndi mndandanda wa maina a ochotsedwa ntchito pachitseko cha kantini, ndipo dzina la a Mutale linali lachinayi. Tsiku lawo lomaliza anabwera kukanyumbako, anayenda kutsogolo kwa makola manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Musawatopetse." Anatuluka osatsanzika bwinobwino.

Woyang'anira watsopano anali Ronnie Simwanza, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu, amene ankabwera mmawa uliwonse pagalimoto kuchokera ku Nkana West, ku Kitwe. Sanali munthu woipa mtima. Ankapereka moni kwa aliyense ndiponso ankadziwa dzina la mlonda. Koma sukulu yake inali ya malonda, ndipo kanyumba ka akalulu ankakaona ngati chinthu chimene anthu akale anaiwala kugwetsa. Kuyeza mankhwala kunapatsidwa kwa katswiri wina wa ku Lusaka amene ankabwera kawiri pamwezi kudzasaina mapepala n'kubwerera tsiku lomwelo.

Akalulu anayamba kutha. Ena anakalamba, ena anafa ndi kutentha kwa chipinda, ena ankangosowa Loweruka ndi Lamlungu. Lorna ankadziwa kumene ankapita, chifukwa m'makomo mwa antchito anzake munali mutavuta, ndipo nthawi ina anaona chikopa choyera chikuuma padenga la munthu amene ankaimba naye kwaya. Sanamunene. Anagula loko wake. Pofika chaka cha 1999 anatsala ndi akalulu asanu ndi anayi, koma mabachi anachuluka kuposa kale, chifukwa eni atsopano anapeza msika m'zipatala zing'onozing'ono za m'Copperbelt monse. Masiku opuma anatha. Kalulu wobayidwa Lolemba ankabayidwanso Lachiwiri ndi Lachitatu, mpaka makutu anadzaza zipsera ndipo mtsempha unkavuta kupeza.

Kumayambiriro kwa chakacho akalulu anatentha kangapo, ndipo Ronnie ankangoti abwereze mawa lake ndi omwewo mpaka manambala akhale bwino. Kenaka akaluluwo anasiyiratu kutentha. Mwezi wathunthu, miyezi iwiri, miyezi inayi, palibe bachi inakanidwa. Lorna akagwira makutu ankawapeza ofunda, choyezera chili duu pamalo amodzi.

Munthu wina akanasangalala, koma iye chakudya chinasiya kumukomera. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro anakwera makwerero a thanki yosungira madzi otchezedwa n'kusuzumiramo. M'mbali monse munali ndere, ndipo chivindikiro chinali chitang'ambika. Anatsika n'kulunjika ku ofesi.

"Bwana, akalulu aja azolowera."

Ronnie anatukula mutu akumwetulira. "Si zabwino zimenezo, Ba Lorna? Azolowera ntchito."

"Ayi, bwana. Azolowera poizoni. Kalulu ukamamubaya makoko a tizilombo tsiku ndi tsiku, thupi lake limasiya kudabwa. Asilikali a m'magazi amatopa n'kufuula, ubongo sumvanso kanthu. Mutha kumubaya madzi a m'ngalande, akhalabe pa 39. N'chifukwa chake amafunika kupuma."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Akalulu atsopano, ngakhale khumi ndi awiri okha. Ndipo thanki ija itsukidwe."

"Thanki tiiona. Koma tamverani. Kale mabachi akakanidwa munkati madzi ndi oipa. Lero akudutsa, mukutinso madzi ndi oipa. Ndiye abwino amaoneka bwanji?"

Lorna anatsegula pakamwa, koma foni inalira, Ronnie n'kukweza dzanja kuti adikire. Anadikira ataimirira mphindi makumi awiri, kenaka anatuluka. Analemba kalata yamasamba awiri n'kuipereka kwa mlembi. Katswiri wa ku Lusaka atabwera, anamudikirira pagalimoto pake, koma iye anangoti, "Ndamva, mayi, tikambirana ulendo wina," akutseka chitseko.

Kunyumba Jonah anali atakhala chaka osagwira ntchito, lole zija zitagulitsidwa. Anamvetsera nkhani yonse akusoka nsapato yake pakhonde.

"Amake Pilira, mwawauza. Mwalemba kalata. Mlandu suli kwa inu. Mukapitiriza kulimbana nawo akuchotsani, ndiye pano tidya chiyani?"

"Ndiye ndizingolemba 39, 39, ngati sindikudziwa kanthu?"

"Mulemba chimene choyezera chanena. Kodi mwanamapo?"

Sanali atanama, ndipo chimenecho n'chimene chinkamupweteka kwambiri.

Pilira anali atakhala namwino pachipatala china chaching'ono ku Kitwe. Lamlungu lina masana anabwera kudzaona makolo ake, ndipo ali mkati mosadzula masamba a chibwabwa anatchula nkhani ngati yongocheza.

"Amayi, sabata ino taona zachilendo. Odwala atatu, aliyense tikangomuika dilipi, pakapita ola amayamba kunjenjemera mpaka bedi kulira. Mano gwegwegwe, manja ozizira, koma thupi moto. Asisitala akuti ndi malungo, tawapatsa kwinini. Koma ine ndinaona kuti ukachotsa dilipi amasiya okha kunjenjemera."

Lorna anasiya mpeni.

"Madilipi ake a kuti?"

Pilira anayang'ana amayi ake, n'kupitiriza kusadzula masamba.

"Pilira, ndikufunsa."

"Akwanu, amayi."

"Mawa ukandiwerengere nambala ili pabotolo. Unditumizire ndi kondakitala aliyense wa minibasi."

Kapepala kanafika Lachiwiri. Lorna anatsegula buku lake n'kupeza nambalayo. Inali bachi ya mu Meyi, yolembedwa ndi dzanja lake lomwe: akalulu atatu, palibe anakwera.

Loweruka analawirira ku Kitwe, n'kukweranso minibasi ina ya ku Garneton. Kumeneko kunali Damaris, mnzake wa paubwana wa ku Sande sukulu, amene anali ndi puloti ya nkhuku ndi masamba, komanso akalulu oyera omwe mbewu yake anaipeza kwa mlimi wina wachizungu atasamuka. Lorna anawanyamula mmodzimmodzi, kuwayang'ana m'maso ndi m'makutu, n'kusankha atatu aakulu bwino.

"Ndiwe woyamba kugula ndiwo n'kumaiyang'ana m'makutu," anatero Damaris.

"Si ndiwo, mnzanga. Ndi mboni."

Lolemba analowa nawo pageti ali m'dengu lofunditsa chitenje. Mlonda anatukula chitenjecho n'kuseka mpaka kugwira bondo.

"Awe, Ba Lorna! Anzanu amatulutsa, inu mukulowetsa?"

Sanapupulume. Anawasunga sabata yathunthu pakona yakutali ndi jenereta kuti mantha a ulendo athe. Ankawaika m'timabokosi tsiku lililonse popanda kuwabaya, kuti azolowere choyezera. Anawotcha masirinji ndi singano mu uvuni monga a Mutale anamuphunzitsira. Tsiku lina anawabaya madzi a mchere ochokera ku fakitale ina, omwe anagula kufamase, ndipo sanatenthe. Anawapumitsa masiku awiri. Kenaka anatenga botolo la bachi ya mu Meyi pashelefu yosungira zitsanzo, n'kubaya akalulu asanu ndi mmodzi nthawi imodzi: atatu akale, atatu a ku Garneton.

Lisanathe ola makutu a atatu atsopanowo anazizira. Lorna anakhala pampando wake wamatabwa, misozi ikulengeza, osadziwa ngati ndi ya mkwiyo kapena ya kupepukidwa. Pa maola awiri mmodzi anali pa 40.2, wina 40.4, wachitatu 40.1. Akale aja anali akusinza, onse pa 39.

Anapita kukamutenga Ronnie yekha, osalola kuuzidwa kuti adikire. Analowa naye m'kanyumbako.

"Gwirani khutu ili, bwana. Tsopano gwirani ili. Botolo lake ndi limodzi lomweli."

Ronnie anagwira. Anawerenga manambala. Kwa kanthawi nkhope yake inasintha, ndipo Lorna anaganiza kuti zatheka. Koma Ronnie anawerama n'kuyang'ana m'khutu mwa kalulu wa ku Garneton.

"Awa alibe nambala. Achokera kuti?"

"Ku Garneton, kwa mnzanga."

"Kupuloti? Ndani anawayeza matenda? Mapepala awo ali kuti? Ba Lorna, inu nomwe mumandiuza kuti kalulu amatentha ndi mantha okha. Ndikakauza eni fakitale kuti tiitanitse katundu m'zipatala zonse chifukwa cha akalulu a m'dengu, andiyesa wamisala. Buku la malamulo likuti chiyani za akalulu osadziwika kochokera?"

Lorna ankalidziwa bukulo kuposa iye. Linkati sayenera kugwiritsidwa ntchito.

"Buku lomwelo likuti kalulu azipuma, bwana. Tsamba limenelo simunalione?"

"Akalulu olembedwa a fakitale ino ayeza, ndipo bachi yadutsa."

"Anthu akunjenjemera m'mabedi ku Kitwe! Mwana wanga wawaona ndi maso ake!"

"Pali chipatala chalemba kalata yodandaula?"

Panalibe.

"Ndiye ine sindisainanso," anatero Lorna. "Ngakhale bachi imodzi."

Ronnie anapumira m'mwamba. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Ba Lorna, musakhumudwe, koma inu simusaina. Mumalemba manambala basi. Wosaina ndi amene ali ndi satifiketi. M'faelo yanu mwalembedwa kuti wosamalira ziweto."

Zinali zoona. Zaka makumi awiri ndi chimodzi dzina la pansi pa pepala linali la a Mutale, kenaka la katswiri wa ku Lusaka. Iye ankangoika zilembo ziwiri pakona. Anakhala chilili, Ronnie akutuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asaopseze akalulu.

Patapita masabata awiri lole inazungulira m'zipatala kutolera mabotolo a mabachi atatu. Kalata yake inati malebulo anasindikizidwa molakwika. Thanki inatsukidwa Loweruka lina Lorna kulibe. Palibe anabwera kukanyumbako kudzanena kanthu. Akakumana ndi Ronnie pabwalo ankapatsana moni ngati kale. Lorna anafunsa Pilira ngati pa odwala aja panali amene anamwalira. Pilira anati atatu a kwawo anachira, koma za zipatala zina sankadziwa, ndipo panalibe womufunsa. Masiku amenewo maliro anali ambiri, ndipo munthu akafa atatentha thupi palibe ankayang'ana nambala ya pabotolo.

Mu Febuluwale 2000 eni fakitale anaona kuti kuitanitsa madilipi kunja n'kotsika mtengo kusiyana ndi kupanga. Makina anamasulidwa n'kukwezedwa pamalole, nyumbayo n'kusanduka mosungira makatoni. Antchito anapatsidwa makalata tsiku limodzi. Anauzidwanso kuti agawane akalulu. Lorna anabweza atatu aja kwa Damaris. Akale asanu ndi anayi anakana kuti aliyense awadye, chifukwa sankadziwa zomwe zinaunjikana m'matupi mwawo. Anakangana ndi amuna awiri pageti mpaka kutukwanidwa mu Chibemba, koma anapita nawo kwawo. Anafa okha mmodzimmodzi chakacho chisanathe, ndipo Jonah ankawakwirira kuseri kwa nyumba akung'ung'udza kuti sanaonepo kumene ndiwo imaikidwa m'manda.

Anayesa kufuna ntchito. Anapita mpaka ku Lusaka, kulabotale ina yomwe a Mutale anamulozera asanabwerere kwawo ku Kasama. Mtsikana wovala khoti loyera anamumvetsera mwaulemu, kenaka anamusonyeza kabotolo kochepa ngati chala.

"Mayi, ife akalulu tinasiya. Timadontheza madzi muno, akakhala ndi poizoni amagwirana ngati phala. Ola limodzi basi."

Lorna anakatembenuza kabotoloko. Anafuna kudana nako, koma anaona kuti ndi kanzeru: sikatopa, sikazolowera, sikabedwa Loweruka.

"Kanalipo kale aka mu 1999?"

"Kalekale, mayi. Kungoti n'kodula."

Anabwerera ku Ndola tsiku lomwelo.

Mapeto ake anapeza benchi pamsika wa ku Twapia, pomwe ankagulitsa kapenta, nyemba ndi tomato. Pilira anapita ku Botswana kukagwira unamwino, monga anzake ambiri. Zaka zinayi Lorna anakhala akukonza mumtima mawu amene adzamuuze Ronnie Simwanza akadzakumana. Ankawasintha akuyala tomato, kuchotsa apa, kuwonjezera apo.

Anakumana naye mu 2004, masana a dzuwa loswa mtengo. Ronnie anali wapansi, atanyamula chikwama cha mapepala, kolala ya shati itatha. Nayenso anali atachotsedwa, ndipo tsopano ankayenda m'misika kulembetsa anthu inshulansi ya maliro. Iye ndi amene anayamba kumuzindikira.

"Ba Lorna! Mayi wa akalulu! Muli bwanji, amayi? Aa, masiku aja tinkagwira ntchito bwino pamodzi."

Lorna anaimirira, napukuta manja pachitenje. Ananena zonse, mwadongosolo lake: za thanki ya ndere, za kalata yamasamba awiri, za akalulu a ku Garneton, za odwala a ku Kitwe, za lole yomwe inatolera mabotolo monamizira malebulo. Sanalalate. Azimayi a mabenchi oyandikana anasiya kuitanira malonda n'kumamvetsera.

Ronnie anamvetsera mpaka kumapeto atakwinya pachipumi, ngati munthu amene akuyesetsa ndithu.

"Zoona? Akalulu a m'dengu?" Anapukusa mutu. "Pepani, amayi, sindikukumbukira. Nthawi ija mavuto anali ambiri, tsiku lililonse lake. Koma ngati zinali choncho, munachita bwino kwambiri."

Sankanama. Lorna anamuyang'ana m'maso ndipo anaona kuti sankanama.

Ronnie anafunsa ngati Jonah ali moyo, napempha kuti amupatsire moni. Kenaka anatsegula chikwama chake n'kutulutsa fomu.

"Nanga inu, Ba Lorna, munalembetsa kale ya maliro? Ilipo ya banja lonse, yabwino kwambiri."

"Sindikufuna."

"Ndingokusiyirani muwerenge kunyumba."

Anaiika pamwamba pa thumba la nyemba n'kupita pabenchi lotsatira. Mayi wogulitsa makala pafupi ndi Lorna anasendeza mpando.

"Amake Pilira, ndani ameneyu?"

"Tinkagwira naye ntchito."

"Nanga mwatuwa chonchi bwanji? Khalani pansi, mumwe madzi."

Lorna anakhala pansi. Madziwo sanamwe. Patapita kanthawi anatenga fomu ija, anaing'amba pakati, n'kupinda timapepala tiwiri tokulungira kapenta.